Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Abale Amene Ndinawapeza Kutsidya kwa Nyanja

Nditatha miyezi itatu ndikuphunzira m'chigawo cha New York, njira imene ndinkaidziwa inali yochoka kuchipinda kupita kukalasi basi, ndipo kusungulumwa kunali kutandidya.

Mnyamata amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, wobadwira ku Bronx kwa makolo ochokera ku Dominican Republic, ananditenga tsiku lina madzulo kupita kuholo kumene magulu a ubale a ophunzira, otchedwa fraternity, ankapikisana pa gule wa stepping. Anyamata anandanda pamzere n'kuyamba kuponda pansi mwamphamvu, kuomba m'manja ndi kudzimenya m'ntchafu, popanda woimba ng'oma, matupi awo omwewo ndiwo anali ng'oma. Misozi inalengeza m'maso mwanga chifukwa ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, ndipo akakondwa ankatisonyeza mmene anzawo ankavinira atavala magambuti.

Pobwerera mnzangayo anandilongosolera chiyambi cha maguluwa. Alpha Phi Alpha inakhazikitsidwa pa yunivesite ya Cornell mu 1906, nthawi imene magulu a azungu sankalandira ophunzira akuda, ndipo inasankha Sphinx wa ku Egypt, chosema cha mkango wa mutu wa munthu, kukhala chizindikiro chake. Omenyera ufulu wa anthu akuda Martin Luther King Jr. ndi Thurgood Marshall anali a gulu limeneli. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti Kwame Nkrumah, ali pa Lincoln University, analowa Phi Beta Sigma, gulu loyambira pa yunivesite ya Howard mu 1914, momwenso munali Nnamdi Azikiwe, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nigeria. Ophunzira a Chilatino, amene makolo awo anachokera ku Latin America, nawonso anadzayambitsa awo, monga Lambda Theta Phi mu 1975 ku New Jersey ndi Lambda Upsilon Lambda mu 1982 pa Cornell. Mnzangayo ankakonda kwambiri gulu la MALIK, loyambira ku Long Island mu 1977, lomwe limaika mbiri ya Africa patsogolo ndipo limasonkhanitsa akuda ndi Alatino pamodzi, pakuti iye ankadziwa kuti zombo zimene zinatula akapolo ku Virginia zinatulanso ena kuzilumba za makolo ake.

Ine sindinalowe gulu lililonse. Ndalama zolowera ndinalibe, komanso nkhani za nkhanza zimene ena amachitira olowa kumene, ngakhale maguluwo amaziletsa, zinkandiwawa mtima, ndipo mpaka lero ndimati zimadetsa ntchito yabwino. Komabe ankandiitana kumisonkhano yawo yokambirana mbiri, ndi kukathandiza ana asukulu a m'deralo masamu Loweruka.

Pamsonkhano wina mmodzi wa akuluakulu awo anandifunsa dzina, ndipo ndinatchula lachizungu limene ndinabatizidwa nalo. Iye anapukusa mutu n'kunena kuti akufuna lakumudzi. Nditatchula, n'kuwonjezera kuti mfunda wathu ndi Phiri, anakhala chete kanthawi, kenaka anandiuza kuti dzina la banja lake ndi la munthu amene anagula makolo ake, ndipo la mtundu wawo linatayika panyanja. Anandipempha kuti nditchule mayina a makolo anga kubwerera m'mbuyo, koma ndinangofika pa agogo n'kuima, holo yonse ikudikira.

Usiku womwewo ndinalembera kalata atsibweni anga ku Dedza, kuwapempha kuti akhale pansi ndi agogo aakazi, alembe mayina onse a kuchikazi kwathu amene akuwakumbukira. Yankho linafika patatha milungu isanu ndi iwiri, papepala long'ambidwa m'kope, lili ndi mayina a mibadwo isanu, ndipo ndinakawawerenga mokweza pamaso pa anyamata aja ataimirira.