Kabot kanga koika ma test osadalirika pa kwarantini: pomwe ndafika

Kabot kanga, kapulogalamu kodziyendera kokha, kayamba kugwira ntchito tsopano. Kwa amene mwangolowa kumene, ndikulimbana ndi ma flaky test, aja oti pano apasa, pakapita kanthawi afeila, pomwe code sinasinthe olo kachilembo kamodzi. Amatopetsa heavy pa code review chifukwa munthu watumiza PR (pull request, pempho loti code yake ilowetsedwe mu code yaikulu) yabwinobwino, CI (makina amene amayendetsa okha ma test) yafiira, wowunika akudikira, ndiye aliyense amangodina re-run mpaka ibiriwire, mapeto ake anthu amasiya kukhulupirira zofiira zonse, ndi zenizeni zomwe. Ndipo si vuto la tima timu tating'ono tokha ayi, a Google mu 2016 ananena kuti pafupifupi 16% ya ma test awo anali ndi kakhalidwe kameneka.

Kuzindikira test yotere sikunavute. GitHub Actions (CI imene ndikugwiritsa ntchito) ikamaliza pytest (choyendetsera ma test a Python) imasiya fayilo ya zotsatira ya JUnit XML, kabot kamawerenga n'kusunga mu kadatabase ka SQLite dzina la test, SHA ya commit (nambala yozindikiritsa code monga inalili pa nthawiyo) ndi zotsatira. Test ikapasa n'kufeilanso pa SHA imodzimodziyo, basi yagwidwa.

Ikagwidwa sindikuyiika skip. Skip ine sindiyikonda, test imangogona osadziwanso ngati inachira kapena ayi. Dzina lake limalowa mu fayilo ya kwarantini, kenako conftest.py (fayilo ya ma settings a pytest) imayipachika xfail ya strict=False (chizindikiro choti ipase kapena ifeile, CI isafiire), ndiye imayendabe, zotsatira zikulembedwabe, koma siyiletsa merge (kulowetsa PR mu code yaikulu).

Pomwe pandidyera nthawi ndi apa. Tiyerekeze munthu wabweretsa race condition (bug yodalira kuti pa zinthu zoyenda nthawi imodzi chayamba kumaliza n'chiti) yatsopano mu PR yake, test iziti pena yapasa pena yafeila, ndendende ngati flaky, pomwe ikunena zoona kuti code yaonongeka. Kabot kopupuluma kangayitsekere pa kwarantini, bug n'kudutsa bwinobwino mpaka ku main (code yaikulu ija), wowunika ataona zobiriwira zokhazokha. Ndiye ndakaikira malamulo. Sikakhudza test ngati PR yasintha fayilo ya test imeneyo kapena code imene test imadutsamo (apa coverage.py ikuthandiza, imatha kulemba kuti mzere uti wayendetsedwa ndi test iti), komanso kamafuna kuona kuti testyo inavutapo kale pa main. Ndipo sikalemba mu PR ya mwini wake, kamatsegula PR yapadera, eni ake a mu CODEOWNERS (fayilo yonena amene amayang'anira gawo lililonse la code) ndi amene amavomereza. Ena anena kuti ndiye si automation yonse, chabwino, koma kuchotsa chitetezo popanda munthu kuonapo ine ayi.

Chinanso, kwarantini isasanduke kudzala. Martin Fowler, katswiri wodziwika pa za software, analemba mu 2011 kuti paziikidwa malire, kaya a chiwerengero kaya a nthawi imene test ingakhalemo. Ine ndasankha masiku 14, akatha xfail imachoka yokha, CI n'kuyambanso kufiira mpaka wina akonze kapena ayifufute poyera ndi chifukwa chake.

Chatsala n'choti kabot kazilozerako chomwe chikuyambitsa. Zambiri zimakhala zomwezomwezo: sleep yoyembekezera zinthu za async, ma test odalirana ndondomeko, wotchi ndi ma timezone, netiweki. Za ndondomekozo ndiyamba nazo, pytest-randomly imasakaniza ma test n'kusindikiza seed, nambala imene imathandiza kubwereza ndondomeko yomweyo, ndiye ndikufuna seed ya ulendo wofeilawo izilembedwa mu PR ya kwarantini kuti wokonza asayambire pa ziro.