Bilu ya anthu 22 pa lesitilanti ina ya pa Kasungu boma

Gulu la banki mkhonde likamatseka chaka, pamatsala ndalama yopanda mwini weniweni: ya chindapusa cha ochedwa kumisonkhano, ndi yotsalira m'thumba la zadzidzidzi. Ife a ku Chinkhoma tinagwirizana kuti mu Disembala 2024, tikatha kugawana masheya, ndalama imeneyi tikadyere limodzi ku boma aliyense asanathamangire kukagula feteleza. Msungichuma wa gululi ndine, choncho kusaka malo, kukambirana mtengo ndi kulipira zinagwera ine.

Ndinapita ndekha pasadakhale kukaonana ndi manijala wa malo amene tinasankha. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'malo odyera inasiya kukhazikika, moti ambiri amalemba pabolodi ndi choko kuti pasavute kufufuta. Miyezi imeneyo mafuta a galimoto analinso kusowa, ndiye wogulitsa aliyense anali ndi ponamizira. Tinamvana motere: anthu 24, nsima kapena mpunga wa nkhuku ya lokolo ndi zamasamba pambali, K7,000 mbale imodzi, zakumwa zoziziritsa kukhosi K1,000 botolo. Mowa ayi, poti ambiri m'gulu lathu ndi amayi a Chigwirizano, ndipo abambo ochepa amene tili nawo amadziwa komwera kwawo.

Ndisanadzuke pampando ndinawapempha kuti zimene tapanganazo andilembere pa WhatsApp pomwepo, ine ndikuona. Ndinawonjezera funso, nalonso lolemba: "Mtengowu ndi wa zonse, kapena pali china chodzawonjezera?" Anayankha kuti, "Zonse pamodzi, mayi." Dipoziti ya K80,000 ndinaitumiza pa Airtel Money ngakhale ndalama ndinali nayo m'chikwama. Kapepala kamasowa, kamanyowa, koma uthenga wa pafoni umakhala ndi tsiku, nthawi ndi dzina la wolandira.

Tsiku lake linali Loweruka, ndipo tinapangana 12 koloko masana. Awiri sanabwere. Wina kunagwa zovuta kwawo, wina mvula itagwa usiku anati sangasiye mbande za fodya zikudikira kuwokera. Tinatsala 22. Sitinafike nthawi imodzi chifukwa maminibasi anali apatalipatali, ndipo amene anatsogola anayamba kale kuitanitsa zakumwa. Titakwanira, apampando anaika lamulo lakuti woitanitsa chilichonse akhale mlembi yekha. Tinapempha kireti yopanda kanthu kuti ikhale pambali pa tebulo, botolo likatha lizilowa mmenemo, ndipo zitsekerero mlembi ankazitolera m'kajumbo. Ena anaseka kuti tabwera kudzadya kapena kudzachita kalembera.

Kenako kudikira. Ola loyamba linatha tikucheza, lachiwiri anthu anayamba kuyang'ana kukhitchini. Holo yonse inali ndi woperekera zakudya mmodzi, mtsikana wamng'ono, ndipo pambali pa ife ankathamangiranso tebulo la abambo ena amene ankamwa pakona. Mbale zinayamba kutuluka itadutsa 2 koloko, zitatu pano, zinayi pakapita nthawi, moti oyamba anamaliza kudya omaliza asanasambe n'komwe. Nsima ina inafika itazizira. Nkhuku zina zinali zofewa mokayikitsa, zoti aliyense wokulira kumudzi sanganamizidwe kuti ndi za lokolo, koma zimenezo tinazisiya dala. Ukatola kadandaulo kalikonse, pofika pa nkhani ya ndalama mwinimalo amakhala atatseka kale makutu.

Mbale 15 zitatuluka, nkhuku inatha. Palibe anabwera kudzatiuza. Tinangoona anthu 7 otsalawo akuikiridwa nyemba ndi mazira. Njala inali itawawa ndipo ena anali atatambasula kale dzanja, koma apampando anawaletsa ndi kuitana mtsikana uja.

"Mwanangu, tisanateme nsimayi, mbale iyi ndi ndalama zingati?"

Analoza pabolodi pamene panalembedwa K4,000. Mlembi analemba m'kope kuti nkhuku 15, nyemba ndi mazira 7, namuwerengera mtsikanayo mokweza, iye n'kuvomera. Pa zonse zimene tinachita tsiku limenelo, kufunsa mtengo chakudya chisanakhudzidwe ndiko kunatithandiza koposa. Mbale ikakhala mbee, mwinimalo amangoti mwadya, lipirani.

Bilu inabwera yolemba pamanja. Chakudya cha anthu 24 pa K7,000, K168,000. Zoziziritsa kukhosi mabotolo 52, K52,000. Mowa mabotolo 6, K15,000. Pansi pake panali mzere wakuti VAT 16.5 peresenti, K38,775. Zonse pamodzi K273,775, ndipo za dipoziti sizinatchulidwe paliponse.

Kapepalako katazungulira tebulo, phokoso linabuka. Bambo wina anati tingosiya ndalama imene tikuidziwa patebulo tizipita. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Mukatuluka musanamvane, nkhani imachoka pa bilu yolakwika n'kukhala ya anthu amene adya n'kuthawa, ndipo ikafika kupolisi oyamba kufunsidwa ndinu. Komanso anthu 22 akamalankhula nthawi imodzi palibe chimamveka, ndipo amene amakalipiridwa ndi mtsikana amene alibe mphamvu yosintha ngakhale tambala imodzi. Apampando anatulutsa gulu lonse kuti likadikire pamthunzi panja. Tinatsala atatu, iwowo, mlembi ndi ine, ndipo tinati sitikambirana ndi wina aliyense koma manijala. Anali atachoka. Anamuimbira foni, ife tinakhala phee mpaka anafika. Podikirapo mlembi anajambula bilu ija ndi bolodi la mitengo pafoni.

Tinayamba ndi zosavuta kutsutsa, kuti pofika pa zovuta akhale atazolowera kufufuta. Dipoziti: ndinatsegula uthenga wa Airtel Money, dzina lawo lili pomwepo. Anati wolemba bilu sanauzidwe, n'kuchotsa. Mowa: tinawafunsa ngati akuona botolo la mowa ngakhale limodzi mbali yathu. Mtsikana uja ananena yekha kuti unali wa abambo a pakona aja, amene panthawiyi anali akadalipo. Anafufutanso.

Pa chakudya m'pamene anauma khosi.

"Amayi, munanena anthu 24. Ife tinagula za anthu 24. Kusabwera kwa anzanu si vuto lathu."

Kunena zoona, mfundo imeneyi ndi yomveka. Munthu akaphikira alendo amene munalonjeza, awiri n'kusabwera, n'chilungamo kulipira mbale zawo n'kunyamula chakudyacho. Tikanalipira popanda kuwiringula. Koma apampando anayankha mofatsa:

"Achimwene, ngati munaphika za anthu 24, tikulungireni mbale ziwirizo tinyamule. Mutiuzenso kumene kwapita nkhuku za anthu 7 amene adya nyemba."

Anayang'ana kukhitchini, anayang'ana kope la mlembi. Kenako anatenga cholembera: 15 pa K7,000 ndi K105,000, 7 pa K4,000 ndi K28,000. Chakudya chinatsika kufika pa K133,000.

Zakumwa ndizo zinatenga nthawi. Tinakhuthula kajumbo patebulo, zitsekerero 40. Mabotolo a m'kireti ndi a pambali pake, 40. Buku lawo likuti 52. Mtsikanayo anakumbutsa kuti amene anafika koyambirira anamwa kireti isanabwere, ndipo analozadi mabotolo anayi opanda kanthu pazenera pafupi ndi pamene anakhala. Amenewo tinawavomera, poti kukana chinthu choonekeratu kukanaononga zonse zimene tinali titapambana kale. Anatsala 8. Manijala anati basi, ngati ife tikukana, adula pamalipiro a mtsikanayo. Apa ndiye mtima unandipweteka. K8,000 kwa wantchito wa m'lesitilanti si ndalama yochepa, ndipo mwana yekhayo ndi amene anatumikira holo yonse tsiku lonse. Tinakana zoti nkhaniyo ithe choncho, n'kupempha kuti buku la pakauntala liwerengedwe mzere ndi mzere. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabotolo 8 aja anapezeka kuti anatuluka nthawi imodzi ndi mowa uja, ndipo anali osakanizira zakumwa zaukali za tebulo la pakona. Wa pakauntala anangoponya zonse patsamba la gulu lalikulu. Kaya kunali kusokoneza kaya dala, ife sitinafufuze, koma n'zimene zimachitikira magulu: amadziwa kuti pa anthu ochuluka palibe akudziwa chimene mnzake wamwa.

Msonkho wa VAT ndi umene anthu ambiri amalipira mwamantha, poganiza kuti kufunsa n'kulimbana ndi boma. Nthawi imeneyo unalidi pa 16.5 peresenti, ndiye chiwerengerocho sichinali chabodza. Koma si malo aliwonse amene ali ndi chilolezo chotolera msonkhowu. Amatolera ndi okhawo amene analembetsa VAT ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo amayenera kukupatsani lisiti lotuluka m'makina ovomerezeka ndi bungweli, lokhala ndi dzina la bizinesi, nambala imene bizinesiyo imadziwika nayo ku MRA ndi msonkho umene mwalipira. VAT yongolemba ndi bolopeni pansi pa bilu palibe chokutsimikizirani kuti ikafika kuthumba la boma. Chinanso, mtengo umene wogula wauzidwa kuti ndi wa zonse sungasinthe iye atadya kale. Ndinawaonetsa mawu awo aja a pa WhatsApp, n'kunena kuti:

"Abwana, msonkho sitikukana. Tipatseni lisiti la makina a MRA, tiona pamodzi."

Anati makina adawonongeka. Mlembi anangotchula, osati moopseza, kuti ngati sitimvana tikafunsa nzeru ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene limalandira madandaulo a ogula pa nkhani ngati za mitengo yosocheretsa, ndipo zithunzi tili nazo. Ena amapitanso ku bungwe loyankhulira ogula la CAMA. Sitinafike kumeneko. Manijala anadula mzere wa VAT ndi cholembera chake.

Zotsala zinali zowonkhetsa chabe. Chakudya K133,000, zakumwa mabotolo 44 K44,000, pamodzi K177,000. Kuchotsa dipoziti ya K80,000, tinatsala ndi K97,000 yoti tilipire, pamene bilu yoyamba inkafuna K273,775 pamwamba pa dipozitiyo. Ndinawerenga ndalamazo patebulo pamaso pa onse, ndipo sindinadzuke mpaka atalemba bilu yatsopano yoyera, yokhala ndi tsiku, mawu akuti zalipidwa zonse, siginecha ndi chidindo. Ndalama ya gulu imafuna umboni, chifukwa mawa amene adzakufunse ndi anzako omwe unadya nawo. Bilu yakale yofufutafufuta ndinaitenganso. Potuluka atatufe tinasonkha kangachepe m'matumba mwathu n'kumufumbatitsa mtsikana uja manijala asakuona.

Tinachoka dzuwa litapendeka, ndipo kupeza minibasi yonyamula tonse kubwerera ku Chinkhoma inali ntchito ina. Pamsonkhano wotsatira ndinawerenga lipoti, mabilu onse awiri ndikuwayendetsa m'manja mwa anthu. Za K97,000 palibe anatsutsa. Mkangano unabuka pa mabotolo anayi a pazenera aja: anthu amene anafika koyambirira anali asanu, ndipo aliyense analumbira kuti iye anamwa madzi.