Kulemba Zamoyo za M'dambo la Pamwamba pa Phiri

M'madambo a pamwamba pa mapiri aatali, kumene mitengo imalephera kukula chifukwa cha kuzizira ndi mphepo, mumafika anthu wamba ambiri kuposa akatswiri a sayansi, ndipo n'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti aliyense wokwera kumeneko ayenera kulemba zimene waona. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, choncho nyengo ya maluwa imakhala yaifupi, moti katswiri wobwera kamodzi pachaka amaphonya zambiri.

Ine ndimagwiritsa ntchito iNaturalist, pulogalamu ya pa foni ndi pa intaneti yoikapo zithunzi za zamoyo zimene munthu waona, yomwe inayamba mu 2008. Ndikapeza duwa, ndimagwada n'kulijambula pamwamba, m'mbali ndi kunsi kwa masamba, chifukwa nthawi zina tiubweya ta pa tsinde ndi timene timasiyanitsa mitundu iwiri yofanana kwambiri. Foni imasunga tsiku ndi malo ngakhale kulibe netiweki. Anthu ena a pa iNaturalist amaona chithunzicho n'kutchula dzina la chomeracho, ndipo oposa magawo awiri mwa atatu a iwo akagwirizana pa dzina, cholembedwacho chimatha kupita ku GBIF, nkhokwe ya padziko lonse ya zolembedwa zokhudza zamoyo, yomwe likulu lake lili ku Copenhagen, ndipo ofufuza amachigwiritsa ntchito poona ngati zomera zikusunthira kumtunda pamene dziko likutentha.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amathamangira maluwa okongola ndi mbalame, n'kusiya udzu, ndere ndi tizilombo tonyamula mungu, chonsecho dambo limadalira zimenezi. Chomera chikakhala chosowa, ndimabisa malo ake enieni pa mapu kuopa kuti ena angapite kukachizula.