Kuyanjanitsa kumaposa kuleretsa ndewu

Kuno ku Thyolo, kumene minda ya tiyi inatenga malo aakulu ndipo mabanja amalima timinda ting'onoting'ono m'mapiri, mikangano ya malire siitha, choncho mawu oti kuyanjanitsa timawamva kawirikawiri pabwalo la mfumu. Mawuwa amachokera ku kuyanja, kumene kuli kukonda munthu ndi kumulandira. Anthu awiri akayanjana amadyera limodzi, ndipo wowayanjanitsa ndi amene wawabwezera pa ubale umenewo utasokonekera.

Woleretsa ndewu amangolekanitsa omenyana, ndipo woweruza amangonena amene walakwa, koma ntchito ya woyanjanitsa imapitirira mpaka wolakwa atapepesa, nthawi zina ndi nkhuku m'manja, ndipo wolakwiridwa atailandira pamaso pa mboni. M'banja ntchitoyi ndi ya ankhoswe, pomwe pa nkhani za minda ya mbumba amayamba ndi amalume nkhaniyo isanafike kwa anyakwawa.

Ine zimandipweteka ndikamva anthu akunena kuti awayanjanitsa pamene angowakakamiza kugwirana chanza. Ngati mayi sanayambirenso kukapala moto kwa mnzake, kapena akulephera kukathandiza kuphika pamaliro a kumeneko, anthuwo angotontholetsedwa chabe ndipo mlandu udzabukanso nyengo yolima ikafika.