Masiku awiri pachipatala cha zitsamba ku Guangzhou chifukwa cha zidzolo

Usiku wathawu ndagona mpaka kucha osadzikanda, koyamba pa miyezi iwiri. Ndiye ndati ndilembe mtima usanaiwale, kuti wina amene wabwera kudzaphunzira kapena kudzaoda katundu kuno ku China asataye tsiku lathunthu ngati mmene ndinatayira ine.

Zinayamba mu March, nyengo imene anthu akuno amati huinantian. Mpweya wofunda wochokera kunyanja umabwera ndi chinyezi chochuluka moti makoma ndi matailosi amachita thukuta, ndipo zovala zimatha masiku zili pachingwe osauma. Kuseri kwa mawondo ndi mkati mwa zigongono munatuluka tizidzolo tofiira toyabwa, ndikakanda tinkatuluka madzi n'kumamatira ku thalauza. Mnzanga wa m'kalasi, mwana wa konkuno, anati tipite kuchipatala cha mankhwala achikhalidwe chawo, kumene kuli gawo loona za khungu lokha.

Kuno sumangofika n'kukhala pabenchi. Umayamba wagula nambala, amati guahao, ndipo ambiri amagulira pafoni, pa pulogalamu ya WeChat. Ndinagula bwinobwino, nambala yam'mawa. Vuto linali dzina. Pafoni ndinalemba dzina langa loyamba kenako la bambo, pamene papasipoti la bambo ndi limene lili kumayambiriro. Abale anga, lembani dzina ndendende mmene lilili papasipoti, zilembo zikuluzikulu, osasintha kalikonse.

Makina olembetsera amene ali pakhomo anakana pasipoti, amafuna chitupa cha nzika za dziko lino. Ndinaima pamzere wa pawindo pafupifupi ola lathunthu. Nditafika, mayi wa pawindopo anayang'ana pasipoti, anayang'ana kompyuta, n'kunena kuti awa ndi anthu awiri osiyana. Nkhope ndi yomweyo, nambala ya pasipoti ndi yomweyo, tsiku lobadwa ndi lomwelo, koma ayi. Anatitumiza ku ofesi ina yam'mwamba. Kumeneko anati wosintha mayina watuluka, tidikire. Tinadikira mpaka 12 koloko, anatseka chitseko kupita kukadya, n'kudzatsegula 2:30. Kusintha dzinalo sikunathe ngakhale mphindi zisanu! Koma pofika nthawi imeneyo nambala yanga inali itapita kale, ndipo adokotala amene ndinkafuna kuonana nawo amaona odwala m'mawa mokha. Ndinabwerera kuhositelo miyendo ikuyaka moto, kalasi nditajomba, ndipo ndinagulanso nambala ina ndi ndalama zina. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza m'mawa muja kuti nambala ikhoza kutha ndili pamzere wa ofesi.

Tsiku lachiwiri ndinalowa. Adokotala anali mayi wachikulire, wodekha. Anaona zidzolozo, kenako anati nditulutse lilime. Anaika zala zitatu pamtsempha wa dzanja lamanja, kenako lamanzere, ali chete. Mafunso awo anandidabwitsa: chimbudzi chikumakhala chotani, mkodzo ndi wamtundu wanji, ndimamva ludzu kwambiri kapena ayi, ndimagona bwanji, ndimakonda zakumwa zozizira kapena zotentha. Ndinaiwala kunena, m'mawa wa tsiku lokaonana nawo musapale lilime potsuka m'kamwa, ndipo musamwe khofi kapena chakumwa chilichonse chosintha mtundu wa lilime. Iwo amawerenga zoyangayanga za palilimepo. Langa anati ndi lofiira, lokutidwa ndi zachikasu zonanda.

Mnzanga uja ndiye ankamasulira. Matenda angawa m'Chitchaina amati shizhen, kutanthauza zidzolo za chinyezi, omwe madokotala ena amati eczema. Mayiwo anati gwero lake ndi shire, chinyezi chophatikizana ndi kutentha. M'kaganizidwe kawo, kapamba ndi amene amayendetsa chakudya ndi madzi m'thupi. Akafooka ndi zamafuta, zotsekemera, zozizira ndi mowa, madzi amadikha, amasanduka chinyezi, ndipo chikakumana ndi chinyezi cha kunja chimatulukira pakhungu. N'chifukwa chake zidzolo zotere zimakonda kumunsi kwa thupi ndipo zimachedwa kuchoka, poti chinyezi n'cholemera komanso chomata. Anati zikakhalitsa zimasintha, khungu limauma n'kukhuthala, ndipo pamenepo amati magazi achepa mphamvu, mankhwalanso amasintha.

Ataona kuti ndili ndi chidwi, anawonjezera. Ziphuphu zakumaso amazilumikiza ndi kutentha kwa m'mapapo ndi m'mimba, pakuti buku lawo lakale la Huangdi Neijing, lomwe latha zaka zoposa 2000, limagwirizanitsa mapapo ndi khungu. Zotupa zoyabwa za chiwengo, zija zimatuluka apa n'kuzimiririka n'kukatulukira pena, amati ndi mphepo, chifukwa khalidwe lake ndi losakhazikika. Psoriasis, ya mamba oyera ija, amaiona ngati kutentha, kuuma kapena kuima kwa magazi. Ine ndinamva kuti mawu ngati kapamba ndi mphepo kwa iwo ndi njira yosanjira zizindikiro, si chinthu choti angakuonetse pa makina oyezera. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti asanalembe mankhwala ananditumiza kukapalidwa khungu pang'ono kuti aone pa maikulosikopu ngati si zipere. Sizinali zipere.

Chilichonse kuno umayamba walipira, kenako n'kulandira: kupalidwa khungu, kulipira; mankhwala, kulipira. Sungani malisiti onse. Kumalo olandirira mankhwala amakufunsa ngati ukufuna zitsamba zosaphika, za ufa wosungunula m'madzi otentha, kapena akuphikire okha, zomwe amati daijian. Ngati mukukhala m'hositelo sankhani daijian, musavutike ndi mphika. Amakupatsa timapaketi tomata ta madzi akuda, umasunga m'firiji n'kumafunditsa kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Anga munali zitsamba izi: kushen, muzu wowawa kuposa china chilichonse chimene ndinalawapo, baixianpi, fuling ndi yiyiren. Panalinso ena osambitsira pamalo odwalawo.

Pa baixianpi samalani. Amadziwika kuti amavulaza chiwindi cha anthu ena, ndipo adokotala anandifunsa ngati ndinadwalapo chiwindi, n'kunena kuti maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada, ndisiye pomwepo ndibwere. Anandipatsa mankhwala a masiku 7 okha. Musatumizire m'bale wanu kumudzi mankhwala amene analembera inu, ndipo musagule timabotolo ta mafuta opaka topanda dzina m'misika. Mu 1999 ku London anayeza mafuta 11 otere omwe ankati ndi zitsamba zokha, ndipo 8 mwa iwo anapezeka ndi mankhwala amphamvu achizungu a mtundu wa steroid otchedwa dexamethasone.

Anandiletsa zakudya zimene amati fawu, zodzutsa matenda: nkhanu ndi shrimp, nyama yankhosa, tsabola, mowa. Anatinso ndisiye kusamba madzi otentha kwambiri, omwe ndinkawathira dala pazidzolo kuti kuyabwa kuleke. Kusiya tsabola kunandivuta, koma ndinamvera.

Ndabwererako kawiri tsopano, ndipo ulendo uliwonse amaonanso lilime n'kusintha zitsamba zina. Madzi aja anasiya kutuluka sabata yachiwiri, patsala mabanga akuda okha kuseri kwa mawondo. Nambala ya Lachinayi likubwerali ndagula kale, ndipo ndisanadine batani lolipira ndinatsegula pasipoti n'kufananiza dzina chilembo ndi chilembo.