Lachitatu ku Limbe, pa bokosi la wayilesi

Mawu amene abwana a pa ofesi ina ku Limbe anandiuza masana ano akundizungulirabe m'mutu. Anati: "Bambo, musatichedwetse ndi mamita anuwo, ingokwezani mawu kuti tizimvana ndi anthu athu a ku Thyolo." Anayankhula mwaulemu ndithu, koma zinandiwawa, chifukwa kukwezako ndiye kunali gwero la vuto limene anandiitanira.

Ofesiyi ili ndi link ya wayilesi, njira yotumizira mawu a foni popanda nthambo, yopita ku esiteti yawo ya ku Thyolo, ndipo bokosi la wayilesilo lalumikizidwa ku switchboard, makina ogawa mafoni a mu ofesi, ndi nthambo zinayi, ziwiri zotumiza mawu ndi ziwiri zolandira. Dandaulo linali lakuti munthu akamalankhula amamva mawu ake omwe akumubwerera, ndipo nthawi zina laini imalira ngati likhweru. Abwanawo anali atagamula kale kuti ndi chiperoni chimene chakuta mapiri masiku ano. Ndinawafotokozera kuti link yawo ndi ya digito, kotero nyengo ikaivuta mawu amadukaduka kapena kutheratu, koma sachepa mphamvu ndipo sabwerera. Ndinawasonyezanso kuti mphamvu imene wayilesi ikulandira kuchokera ku mlongoti inali bwino lomwe.

Kenaka ndinatumiza toni, kulira kosasintha koyesera laini, ya 1020 Hz (mafunde 1020 pa sekondi) pa mulingo wa -10 dBm0, umene ndi muyeso wa mphamvu ya toniyo. Mnyamata amene amasamalira makompyuta pamenepo, yemwe anaima pambali panga nthawi yonseyi, anafunsa chifukwa chake sitigwiritsa 1000 Hz yeniyeni. Funso limeneli linandisangalatsa kuposa china chilichonse lero. Ndinamuuza kuti, achimwene, bokosili limayesa mawu maulendo 8000 pa sekondi, ndipo 1000 imalowa ndendende mu 8000, choncho makinawo amangogwira malo omwewomwewo a funde la toniyo ndipo muyeso ukhoza kusokera pang'ono. Analemba m'kabuku kake.

Buku la bokosilo likunena -14 dBr polowera ndi +4 dBr potulukira (dBr ndi nambala imene timachotsa kapena kuwonjezera pa mulingo wa toni pamalo amenewo), kutanthauza kuti pa mita toni yangayo iyenera kuoneka ngati -24 dBm polowa ndi -6 dBm potuluka. Nditabweza toni mkati mwa bokosi lomwelo ndinapeza kuti potulukira papitirira ndi ma dB oposa atatu. Ndikuganiza kuti amene anachuna poyamba anayesa laini ikadali yolumikizidwa ku switchboard, kwinaku mita yake nayonso ili pa 600 ohm, ndiye kuti ikukoka mphamvu ngati switchboard yomweyo. Zikatero laini imasenza katundu kawiri, mita imaonetsa mochepera ndi 3.5 dB, ndipo munthu amakweza chinthu chimene chinali bwinobwino. Ma dB atatu amaoneka ochepa papepala, komatu ndi mphamvu yowirikiza kawiri.

Apa ndi pamene tinasemphana kwambiri. Abwanawo ataona kuti ndikutsitsa m'malo mokweza ananyamuka pampando. Ndinayesetsa kuwafotokozera kuti kumene nthambo zinayi zimasandukira ziwiri zopita ku foni kuli kachipangizo kotchedwa hybrid, ndipo kameneka sikalekanitsa mawu kotheratu. Ena amadontha n'kubwerera kumene achokera. Milingo ikakhala yoyenera, odonthawo amazilala panjira. Ikakwezedwa mbali zonse, amazungulira n'kumakula mpaka laini kuyamba kulira. Ndinawonjezera kuti A-law, njira imene mawu amasandutsidwira manambala, ili ndi malire pa +3.14 dBm0, ndipo chopitirira pamenepo chimadulidwa, n'chifukwa chake munthu wa mawu amphamvu amamveka mosasa. Anandimvetsera, kenaka anati: "Zonsezo ndamva, koma mayi a ku ofesi ya ku Thyolo akuti satimva."

Ndipo n'kutheka kuti mayiwo akunena zoona. Chimene chikundisowetsa mtendere usiku uno ndi chimenechi. Ine ndakonza mbali imodzi yokha ya link, ndipo ngati potulukira pa bokosi la ku Thyolo panatsitsidwa ndi wina amene ankalimbana ndi likhweru lomweli, ndiye kuti iwo akumvadi motsika, ndipo kukweza ku Limbe kungangobisa cholakwacho. Ntchito ya milingo imafuna anthu awiri, wina kutumiza toni ndi wina kuwerenga mita kutsidya, kenaka n'kusinthana, laini iliyonse payokha. Ndimaikonda ntchito imeneyi chifukwa ikachitika bwino, nesi kapena kapitawo wa kumunda amangonyamula foni n'kumveka, osakuwa. Zimandipweteka kuti anthu amaiona ngati yongopotokola ndi khutu.

Ndinalemba milingo yonse papepala ndi kulimata mkati mwa chitseko cha kabati. Ndapempha galimoto yopita ku Thyolo ndi chilolezo chakuti mnyamata uja atsale ku Limbe ndi toni, popeza waonetsa kuti angathe. Abwanawo anati aona kaye ngati pali mafuta, ndipo mpaka pamene ndimakwera minibasi ya ku Ndirande anali asanayankhe.