Makina ofinya dongo ndi mchenga: nkhani yake yagona pa mpweya

Teremu ino taphunzira za makina amene amafinya dongo kapena mchenga wonyowa n'kuutulutsa uli mzere wautali wa maonekedwe amodzi, kenako n'kuudula mu utali umene munthu akufuna. Ndati ndilembeko zimene zandikhala m'mutu, makamaka chifukwa cha anzanga amene mudzakumane ndi phunziroli m'tsogolomu, komanso ena amene muli ndi maganizo oyamba bizinesi ya njerwa.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Pamwamba pali pothirira. M'kati muli sikuluwu yaikulu imene imazungulira m'payipi yachitsulo, n'kumakankhira dongo kutsogolo mpaka litatulukira pa bowo la kumapeto. Amene munaonapo makina opera nyama kubutchala, mwamva kale zimene ndikunena. Bowolo amalitchula kuti die. Likakhala la makona anayi, mawaya okungika amadula dongo lotulukalo n'kukhala njerwa. Likakhala lozungulira ndipo pakati pake pali chitsulo, chimene chimatuluka ndi payipi.

Mapayipi ndiwo anatsogola. Ku England m'zaka za m'ma 1840, alimi ankafuna mapayipi adongo ochuluka oti azikwirira m'minda yolowe kuti madzi azichoka, ndipo kuumba pamanja kunkachedwa. Thomas Scragg analembetsa makina ake opangira mapayipi otere mu 1845. Makina ambiri a nthawiyo anali a pisitoni: udzaze bokosi, ukankhe, uime, utsegule, udzazenso. M'zaka za m'ma 1850, Carl Schlickeysen wa ku Berlin anabweretsa makina a sikuluwu, amene saima bola dongo lizithiridwa. Pasanapite nthawi, mu 1858, Friedrich Hoffmann analembetsa uvuni wozungulira umene moto wake suzima, umangoyenda kuchoka chipinda china kupita china. Ziwirizi zitakumana, njerwa zinasanduka katundu wa m'fakitale. Mpaka lero kuli makampani akale amene ntchito yawo ndi kupanga makina amenewa, monga Händle ku Mühlacker m'dziko la Germany ndi J.C. Steele & Sons ku Statesville, North Carolina, ndipo ku America njerwa pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zimapangidwa mwa njira imeneyi.

Choyamba chimene chimadabwitsa munthu wozolowera chikombole ndi kuchepa kwa madzi. Dothi loumba pa chikombole limafuna madzi ambiri, 20 mpaka 30 peresenti, n'chifukwa chake zidina timaziyanika pansi imodziimodzi mpaka zitalimba. Dongo la m'makina limangofuna 10 mpaka 15 peresenti. Ukaligwira limakhala lolimba moti chala sichilowa msanga, ndipo njerwa ikangodulidwa amatha kuisanja pamwamba pa inzake osaphwanyika. Koma kukankha dongo lolimba chomwecho kumafuna mota yamphamvu kwambiri, ndipo mphamvu yambiri imathera pa kukhulana kwa dongo ndi chitsulo. Mzere wa dongo umatuluka wofunda.

Tsono nkhani ya mpweya. Dongo likamakandidwa ndi mipeni yozungulira, timatumba ta mpweya timatsekeredwa m'kati. Timatumbato tikapanikizidwa ndi sikuluwu timaphwatalala, n'kusanduka malire pakati pa dongo ndi dongo linzake, ndipo pamalire pamenepo njerwa imadzang'ambika ikamauma kapena ikamapsa. Yankho lake linafala m'zaka za m'ma 1930: pakati pa pokandira ndi sikuluwu yomaliza anaikapo chipinda chotsekeka bwino. Dongo limalowamo litadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, pampu n'kumakoka mpweya mpaka geji itawerenga pakati pa mamilimita 375 ndi 725 a mercury, muyezo wosonyeza mmene mpweya wakokedwera. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti chitseko cha chipindachi ndi dongo lomwelo. Polowera pamakhala pothithikana ndi dongo, potulukira chimodzimodzi, ndiye mpweya wa kunja ulibe polowera. Ukangochepetsa kuthira dongo, chitsekocho chimabooka, geji imatsika, ndipo njerwa zimayamba kutuluka zofooka ngakhale makina akulira bwinobwino. Dongo lochotsedwa mpweya limamatana kwambiri, limapindika osathyoka msanga, ndipo njerwa yake imakhala yothina.

Gawo limene linandidyera nthawi yambiri, ndipo sindikudandaula, ndi la kayendedwe ka dongo m'kati mwa die. Dongo la m'mbali limakhulana ndi chitsulo, choncho limachedwa. La pakati limathamanga. Pamakona m'pamene pamakhulana kwambiri, ndipo dongo likauma pang'ono kapena likachepa ulimbo, makonawo amatuluka ong'ambikang'ambika. Pofuna kuchepetsa vutoli amathira madzi kapena mafuta pang'onopang'ono m'mbali mwa die, ndipo ena amaika tizitsulo pakati toti tichedwetse dongo lothamangalo. Kuti adziwe ngati die ili bwino, amadula dongo mofanana pakamwa penipeni, n'kuliza makina kanthawi kochepa, kenako n'kuona mbali imene yatsogola. Kuyesa kophweka chomwechi kumauza munthu zambiri kuposa kuyang'ana njerwa yakupsa kale.

Palinso chilema china chobisika. Tinthu ta dongo, tikationa pa makina okuza zinthu, si tozungulira ayi, ndi tophwatalala. Sikuluwu ikamazungulira imatigoneka motsatira mmene ikupotera, ndipo pamene sikuluwu yathera pamatsala mphako pakati imene dongo liyenera kuitseka lisanafike pa die. Likalephera kumatana bwino, njerwa imaoneka yosalala kunja, koma ikauma pamatuluka mng'alu wopindika ngati chilembo cha S pamalo podulidwa ndi waya. N'chifukwa chake pakati pa nsonga ya sikuluwu ndi die pamasiyidwa mtunda, ndipo mtundawo amausintha malinga ndi dongo lake. Njira ina yoonera chilemachi ndi kuika chidutswa chachiwisi mufiriji yozizira kwambiri. Madzi akaundana amatsegula malire onse obisika, ndipo umaona ndi maso njira imene dongo linadutsa.

Mabowo a m'njerwa nawo ali ndi nkhani yofanana. Tizitsulo topanga mabowowo timagwiridwa ndi mtanda wachitsulo umene uli kumbuyo kwa die, ndiye dongo limagawikana podutsa mtandawo n'kukakumananso kutsogolo. Likakumana mosamatana, njerwa idzasweka motsatira mtandawo. Komabe mabowo ndi ofunika: njerwa imapepuka, imauma msanga, moto umafika m'kati mosavuta. Muyezo wa ku America umaiwerengerabe njerwa kuti ndi yathunthu ngati mabowo ake sapitirira 25 peresenti. Ndipo wopanga die sayiwala kuti dongo limanyala, 2 mpaka 4 peresenti pouma ndi ina yonga yomweyo powotcha, choncho bowolo limakhala lokulirapo kuposa njerwa imene ikufunika.

Titamaliza za dongo tinalowa za kumalo osungunulira zitsulo, ndipo apa m'pamene ndinaona kukoma kwa phunziroli. Pofuna kupanga chipangizo chachitsulo, amapanga chikombole cha mchenga n'kuthiramo chitsulo chosungunuka. Chikombolecho chimapereka maonekedwe a kunja. Nanga ngati chipangizocho chikufunika bowo pakati, monga gudumu lolowa pa shafiti? Amaikamo chidutswa cha mchenga wowumitsidwa, chotchedwa core, kuti chitsulo chizungulire pamenepo. Chitsulo chikazizira amagogoda mchengawo n'kutsala bowo. Ma core ozungulira ndi owongoka amafunika kawirikawiri, ndiye m'malo mowapanga imodziimodzi m'bokosi lamatabwa, panabwera makina aang'ono a sikuluwu, ena opukusa pamanja, amene amatulutsa mchenga uli ndodo yaitali. Ndodoyo imagonekedwa pa thireyi ya mizere kuti isapindike, imawotchedwa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200, kenako amaidula mu utali wofunika ndi kusongola nsonga zake kuti zikhale bwino pamalo pake m'chikombole. Amasintha die malinga ndi kunenepa kumene akufuna, n'kusunga ndodozo pa shelefu kudikira ntchito.

Ukayang'ana chithunzi cha makinawa pambali pa cha makina a njerwa, ungati ndi amodzi, kungosiyana kukula. Koma chimene akufunafuna n'chosemphana. Pa dongo tinkalimbana ndi kuchotsa mpweya wonse. Pa core tikufuna njira za mpweya zitsale. Mchenga paokha sumatana, ndiye amausakaniza ndi zomatira, ndipo kale zinkakhala mafuta a linseed (ochokera ku njere za mbewu ya fulakesi) pang'ono, ufa wa chimanga wokonzedwa ndi madzi ochepa. Ufa ndi madzi zimagwira mchenga ukadali wauwisi. Mafuta amaulimbitsa ukawotchedwa. Tsono chitsulo chosungunuka, chotentha madigiri oyandikira 1400, chikakuta core mbali zonse, zomatirazo zimapsa n'kutulutsa utsi wambiri nthawi imodzi. Utsiwo ukasowa kothawira umalowa m'chitsulo chikadali chamadzi, ndipo chipangizo chimatuluka ndi mabowo m'kati, mwina osaoneka mpaka chitafika pa makina osemera. N'chifukwa chake pakati pa die ya makina a core pamakhala waya kapena kandodo kachitsulo kamene kamasiya kabowo kuyambira kumutu mpaka kumchira kwa ndodo yamchengayo. Utsi umadutsa pakati pa timiyala ta mchenga, n'kulowa m'kabowoko, n'kutulukira kunsonga. Makina akapanikiza mchenga mopitirira muyezo, njira za pakati pa timiyala zimatsekeka. Akaupanikiza mochepa, ndodo imayoyoka isanafike ku uvuni.

Ngakhale kulimba kwake n'kwa mtundu wina. Core iyenera kupirira kunyamulidwa ndi kukankhidwa ndi chitsulo cholemera chamadzi, koma pakapita mphindi zochepa iyenera kufooka. Chitsulo chikamazizira chimanyala, cha mtundu wotchedwa cast iron pafupifupi 1 peresenti, ndipo chikamanyala chimafinya core. Core ikakana kugonja, chitsulo n'chimene chimang'ambika. Mafuta a linseed anakondedwa pa chifukwa chomwechi: kutentha kwa uvuni kumawalimbitsa, kutentha kwa chitsulo kumawapsereza, mchenga n'kubwerera kukhala woyoyoka wosavuta kukhuthula. Amene anatulukira zimenezi analibe zipangizo zoyezera zimene tili nazo lero, ndipo ndimawapatsa ulemu waukulu.

Makina ofinya ali ndi malire ake: amangotulutsa chinthu chimene maonekedwe ake ndi amodzi kuyambira koyambira mpaka kothera. Njira zokhotakhota za madzi m'kati mwa injini ya galimoto sizingapangidwe chomwecho. Mafakitale akuluakulu anasamukira ku makina owombera mchenga m'bokosi ndi mpweya wamphamvu, pogwiritsa ntchito zomatira za mankhwala, monga njira ya Johannes Croning wa ku Hamburg ya mu 1944 ndi ya cold box, yolimbitsa mchenga popanda kuuwotcha, imene inabwera mu 1968. Pa dongo zinthu sizinatero, sikuluwu ikulamulirabe.

Pophunzira zonsezi sindinaleke kuganiza za kwathu kuno. Mu 2018 boma, kudzera ku National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni mwa chikale pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, chifukwa cha kutha kwa mitengo. Ambiri anatembenukira ku mabuloko a simenti. Ine ndimaona kuti njerwa yadongo isatayidwe msanga chomwecho, popeza dongo tili nalo m'madambo ambiri pamene simenti ndi yodula. Koma ndinene mosabisa: makina ofinya paokha sapulumutsa mtengo ndi umodzi womwe. Chimene chimadya nkhuni ndi uvuni. Phindu la makinawa ndi lakuti amatulutsa njerwa zofanana ndi zamabowo, zimene zimafuna dongo lochepa ndi moto wochepa, ndipo phindulo limaoneka pokhapokha pali uvuni wabwino wosunga kutentha.

Amene akufuna kugula makinawa aganizirenso zimene zimabwera dongo lisanafike pa sikuluwu. Woumba pamanja amamva mwala kapena muzu ndi phazi poponda matope n'kuutaya. Makina samva kanthu. Kamwala kakakodwa pa die kamalemba mzere pa njerwa zonse zotuluka pambuyo pake, ndipo muzu umakoka waya wodulira n'kung'amba nkhope ya njerwa. Timiyala ta laimu n'toopsa koposa, chifukwa tikapsa timamwa chinyontho n'kufufuma, njerwa n'kuphulika ili kale pakhoma. Ndiye pamafunika makina ophwanya ndi opera, ndiponso malo ounjikira dongo kuti livumbwe ndi kufewa lisanagwiritsidwe ntchito. Magetsi nawo akhale odalirika, pakuti makina akaima nthawi yaitali dongo lili m'kati, limalimba moti kuwalizanso kungathyole shafiti, ndipo anthu amayamba kaye afukula ndi manja.

Chotsiriza ndi kutha kwa zitsulo. M'dongo muli mchenga, ndipo mchengawo umadya sikuluwu ndi die tsiku ndi tsiku. Die ikatha, njerwa zimayamba kukula pang'onopang'ono mpaka womanga atadandaula. Sikuluwu ikatha, mpata wa pakati pa iyo ndi payipi umakula, dongo limabwerera m'mbuyo, magetsi amapita ambiri koma njerwa zimachepa. Ena amaiwotcherera ndi ndodo zapadera zolimbitsa chitsulo kuti ikhalitseko. Zidutswa zatsopano za sikuluwu zimapangidwa ndi chitsulo chokhala ndi chromium wambiri, cholimba moti kuchiboola n'kovuta kwambiri, choncho amachita kuchisungunula n'kuchithira m'chikombole, bowo la shafiti n'kulisiya ndi core ya mchenga. Fakitale ya njerwa imene ilibe malo osungunulira zitsulo pafupi imayenera kuitanitsa zidutswazi kunja ndi ndalama zakunja, n'kudikira kuti zifike makina ali chiimire, ndipo mtengo umenewo uyenera kulowa m'mawerengedwe kuyambira tsiku loyamba.